Bambo akunyumba asiya mankhwala a BP

Agogo, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Mponela. Amuna anga anawapeza ndi BP kuchipatala cha Mtengowanthenga atavutika ndi mutu komanso chizungulire. Anamwa mankhwala mwezi umodzi n'kusiya. Akuti achira, ndiponso mapiritsiwo akuwafoola kuchipinda. Ndikawakumbutsa amandikalipira. Nditani?

Mwana wanga, mwachita bwino kutchula za kuchipindazo, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Zoti achira n'chophimba chabe. Mwamuna akamakalipa chonchi nthawi zambiri ndi mantha ndi manyazi, sikuti wadana nanu.

Ndipo mwina sakunama. Mapiritsi ena a BP, monga HCT, aja okodzetsa pafupipafupi, amafooladi amuna ena. Koma mankhwala a BP alipo amitundu ingapo, ndipo adokotala angathe kuwasinthira ena. Chimene bambowo sakudziwa n'chakuti BP yosasamalidwa imawononga mitsempha ya magazi, kuphatikizapo ya komweko kumene akudandaulako. Akusiya mankhwala pofuna kuteteza chinthu chimene matendawo angathe kuwalanda.

Apa ndilankhula mosapsatira. BP sichira ngati malungo. Mutu ukaleka kupweteka sindiye kuti munthu wachira. Munthu amatha kupalira fodya tsiku lonse ali bwinobwino magazi akuthamanga kupitirira 140/90, m'mawa mwake n'kudzuka mbali imodzi itafa. Achibale amathamangira kunena kuti walodzedwa, pomwe wosambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza wodwalayo pamphasa kwa zaka mudzakhala inuyo, ana akusowa wowalipirira sukulu.

Musawakumbutse pamaso pa ana, ndipo za kuchipindazo musakaziulule kwa alamu anu. Dikirani usiku muli awiri, muwauze kuti mukuopa kuwataya. Kenaka tengani buku lawo la kuchipatala mupitire limodzi, inunso mukayezetse, asaoneke ngati mwana woperekezedwa kusikelo. Akakachita manyazi kutchula vutolo, apemphe kuonana ndi dokotala wamwamuna. Ngati ndalama zavuta, poti zipatala za mishoni zimalipiritsa, cha boma pa Mponela kapena ku Dowa boma amayeza ulere. Akakanitsitsa, ankhoswe alipo, koma musankhe wosunga chinsinsi.

Kukhitchini ufumu ndi wanu. Mchere wa munthu mmodzi usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku, kuwerengera ndi wa mundiwo womwe, ndipo soda wa m'therere naye amakweza BP. Chepetsani pang'onopang'ono, sadzazindikira. Kambale ka mchere kaja kachoke pamphasa yodyera. Ngati amakoka chingambwe kapena kulawa kachasu, anene zoona kwa adokotala.

Mukadzaona pakamwa papotoka, dzanja lalefuka kapena mawu akutuluka molemera, ngakhale pakati pa usiku, pezani galimoto nthawi yomweyo mupite nawo kuchipatala. Musadikire kuti kuche.