Kodi voti ingatumizidwe pa positi?

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa amayi ena a ku Kanakantapa. Akuti: "Mwana wanga amagwira ntchito ku Johannesburg. Wamva kuti kumaiko ena munthu amachonga pepala la voti ali kunyumba n'kuliponya ku positi. Kodi iye angatero?" Bambo, muwayankha bwanji amayiwa?

Katswiri: Amayi, pepani, muno mu Zambia voti siyenda pa positi. Zimene wamva mwana wanuyo n'zoona ndithu: ku Britain, kuyambira 2001, aliyense wolembetsa amatha kupempha kuti amutumizire pepala kunyumba. Koma kwathu kuno munthu amafika yekha pamalo pamene analembetsa, reji yobiriwira (chiphaso cha unzika) ndi khadi la voti zili m'manja. A Electoral Commission of Zambia amapeza dzina lake m'kaundula, amamupaka inki pachala, ndiye kumupatsa mapepala. Pa masankho a pa 12 Ogasiti 2021 amene anali kunja kwa dziko sanavote ali komweko. Masankho aakulu amachitika Lachinayi lachiwiri la Ogasiti pakapita zaka zisanu zilizonse, choncho tsiku limadziwika kale. Muuzeni apemphe tchuthi msanga, asungenso ya basi.

Muulutsi: Ina iyi ndi ya abambo a ku Chalimbana. Amayi awo ndi okalamba, maso sakuona bwino ndipo miyendo ikuvuta. Akufunsa ngati angawavotere, popeza akudziwa kale amene agogowo amamufuna.

Katswiri: Ayi, bambo, ngakhale mukhale mwana wawo woyamba. Kuvota m'dzina la munthu wina ndi mlandu. Chimene chimaloledwa n'chakuti agogowo afike pamalopo, asankhe okha munthu amene amamukhulupirira woti awathandize kuchonga. Mukhoza kukhala inuyo, koma muchonge pamene iwo anena, osati pamene mtima wanu wakonda. Izi ndimazinena mobwereza chifukwa ana ena amaona ngati apeza voti yachiwiri. Pamzere musade nkhawa: okalamba, olumala ndi amayi oyembekezera amawalowetsa patsogolo. Ku South Africa ogwira ntchito za masankho amayendera odwala kunyumba kwawo, ndipo ine ndimaona kuti n'chinthu choti tichiganizire. Pakadali pano konzani ngolo kapena njinga, mupite m'mawa kusanatenthe. Amatsegula 6 koloko m'mawa, kutseka 6 koloko madzulo.

Muulutsi: Wina wangolemba mzere umodzi, mokwiya ndithu: "Akaidi amavota bwanji pamene ine wa ku Chongwe wogwira ntchito ku Kitwe sindingavote?"

Katswiri: Akaidiwo nawonso satumiza voti. Khoti la Constitutional Court linagamula mu 2017 kuti ufulu wovota ali nawo, ndipo mu 2021 anawatsegulira malo ovotera kundende komweko. Inu vuto lanu ndi laling'ono. Dzina lanu lili m'kaundula wa ku Chongwe, ndiye njira ndi ziwiri: kukwera basi kubwera kwanu kuno, kapena kusamutsa dzinalo kupita ku Kitwe pa nthawi ya kalembera. Kaundula akatsekedwa, palibe wosamutsanso.

Muulutsi: Makalata ena tiwerenga sabata yamawa.

Katswiri: Mpaka pamenepo, amayi ndi abambo, tsegulani chikwama chanu muone ngati reji ndi khadi la voti zilimodi. Ngati khadi linatayika, pitani mukafunse ku ofesi ya masankho ku khonsolo ya Chongwe sabata yomwe ino.