Musanakumbe Dzenje, Dziwani Mwini Munda

Achinyamata inu amene mukulowa ntchito zamagetsi, tcherani khutu. Mu 2022 magetsi a dzuwa anayamba kupangidwa ku Golomoti. Ntchito zotere zichuluka, ndipo iliyonse imafuna malo a anthu. Kuno ku Ntcheu tinazionera pa nthambo za 400kV zochokera ku Phombeya kupita ku Nkhoma, zimene zinatha mu 2018 zitadutsa m'minda yathu.

Pofuna malo a ntchito zotere, yambani kwa DC, kenako kwa a T/A, a gulupu ndi a nyakwawa, koma musathere pomwepo. Midzi yambiri kuno ndi yachikamwini. Bambo amene wakulandirani ndi khasu paphewa angakhale mkamwini. Munda ndi wa mayi uja wakhala chete pamkeka, ndipo mawu omaliza ali ndi mwini mbumba. Mukalemba dzina lolakwika pa chipukutamisozi, ndalama zipita kwina, banja lisokonekera, ndipo mlandu udzakutsatani.

Powerenga mitengo, mwiniwake akhalepo. Mango uliwonse, nthochi, nsungwi, lembani pamaso pake, asayine kapena adinde chala, ndipo mumusiyire pepala lake. Za manda musagamule muli muofesi. Khalani pansi ndi amfumu ndi adzukulu, ngakhale zitenge mwezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chovuta kwambiri ndi kunena zoona pamene anthu akuyembekezera zokoma. Adzakufunsani kuti, "Kodi ifenso tiyatsa?" Nthambo zamphamvu chotere sizitsitsira magetsi m'nyumba zimene zili pansi pake, pamafunika sabusiteshoni, thiransifoma ndi nthambo zina. Auzeni zimenezo tsiku loyamba. Musalonjeze mjigo, sukulu kapena ganyu zimene sizinalembedwe mu bajeti, pakuti anthu amasunga lonjezo ndi dzina la amene analinena.

Msonkhano musauike tsiku la msika kapena nthawi yopalira, ndipo amayi ndi achinyamata muwamvere paokha, chifukwa pabwalo la amfumu ambiri satsegula pakamwa.

Ndalama zikaperekedwa, bwereraninso. Funsani amene sanalandire, lembani dandaulo lililonse, ndipo muliyankhe pa tsiku limene munanena. Kontirakitala adzapakira zida zake n'kumapita, koma amene adzalondere nthambozo kwa akuba ndi eni minda omwewo. Muwalemekeze kuyambira lero.