Kaperekedwe koyenera ka mphatso za mkwatibwi pachinkhoswe

 Lero tikambe za zinthu zimene timapatsa mkwatibwi pomufunira mwayi m'banja, chifukwa masiku ano zimangoponyedwa m'dengu mothamanga kuti perekaniperekani ayambe msanga.

Tiyambe ndi nkhuku. Akuchimuna amabwera ndi tambala, akuchikazi ndi msoti, ndipo amasinthana anthu akuona. Msoti ndi nkhuku yaikazi imene sinayambe kuikira, choncho akuchikazi akunena kuti mwana wathuyu tikumufunira mbumba, adzafungatire ana ake. Musatume kamnyamata kukapereka msotiwo ayi. Aupereke ndi nkhoswe, kawirikawiri malume, mwini mbumba, ataugwira ndi manja awiri, ndipo ayankhule. Ikabwera nkhuku yootcha, ankhoswe a mbali zonse agawane ndi kudya pamodzi. Wadyako ameneyo wavomera kuti banjali likadzagwedezeka, ngakhale pakati pa usiku, adzadzuka. Ndiye inu a malume okhala ku Johannesburg, amene foni yanu siipezeka, ganizani kaye musanatambasule dzanja.

Kenako ziwiya. Mkwati amalandira khasu, nkhwangwa ndi chikwanje. Mkwatibwi lichero, mthiko, chipande, tsache, nthawi zina mtondo ndi munsi. Perekani chimodzichimodzi, mukutchula tanthauzo lake. Mthiko ndi chipande ndi mafuno oti pakhomopo pasadzazime moto, mlendo asadzachoke ndi njala. Lichero ndiye lofunika kulifotokoza bwino: limapeta, gaga n'kupita, mphale n'kutsala. Mkwatibwi adzamva zambiri kuchokera kwa apongozi, alamu ndi anzake a kuchigayo, ndipo si zonse zoyenera kulowa nazo m'nyumba. Ena amati mtsikana wogwira ntchito mu ofesi lichero n'lachiyani? Iyenso mpatseni, miseche ya kuntchito imafunanso kupeta.

Za kufunditsa atsikana zitenje kuti mkwati apeze wake, musachulutse mpaka mnyamata kutha ndalama ndi kulipira polakwitsa. Atatu akwana. Cholinga n'choti asankhe yekha pamaso pa mboni, asadzanene kuti adamukakamiza. Akamuvundukula, amayi nthungululu zimveke.

Ankhoswe, musanalandire tambala funsani zaka za mwanayo. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko la Malawi adasinthidwa kuti ngakhale makolo asathe kuloleza ukwati wa wochepera pamenepo.