NSOMBA ZOBEREKA ANA AMOYO: PHUNZIRO LOCHOKERA KU DOWA

Anzanga a m'kalabu ya sayansi mukukumbukira kuti potsekera sukulu mwezi wa July mudasankha ine kuti ndikasunge nsomba za mu labotale yathu. Ndidanyamula nsomba 14 mu ndowa kupita nazo kwathu ku mapiri a Dowa. Potsegulira ndidabwera nazo 5 zokha. Ndalemba izi kuti amene mudzamusankhe chaka chamawa asadzachite manyazi monga ndidachitira ine.

Nsomba yake ndi yotani?

Nsombazi zimatchedwa guppy, pa dzina la sayansi Poecilia reticulata. Kwao ndi ku Trinidad ndi kumpoto kwa South America. Dzinali lidachokera kwa Robert John Lechmere Guppy amene adatumiza nsombazi ku London m'chaka cha 1866. Chambo ndi makumba zimaikira mazira, ndipo yaikazi imawafungatira m'kamwa mpaka ataswa. Guppy ndi yosiyana. Mazira ake amaswera m'mimba, ndipo pakatha pafupifupi masabata anayi imabereka ana osambira kale, mwina 20, mwina kupitirira 50. Yamphongo ndi yaing'ono ndi yamawangamawanga. Yaikazi ndi yokulirapo, ndipo ikakhala ndi bere imaoneka ndi banga lakuda kumunsi kwa mimba. Chodabwitsa n'chakuti imatha kusunga mbewu ya yamphongo kwa miyezi ingapo, n'kumabereka mwezi ndi mwezi ngakhale iri yokha.

Vuto loyamba: kuzizira

Guppy imafuna madzi ofunda, a madigiri 22 mpaka 28. Ine ndidaika ndowa ija pakhonde, ndipo amene mudagonako ku Dowa nyengo yachisanu mukudziwa kuti m'mawa madzi amaluma zala. Patapita sabata nsomba zidayamba kupinda zipsepse ndi kudzikhula pa miyala. Kenaka zidatuluka timadontho toyera ngati wina waziwaza mchere. Matendawa amayamba ndi kachirombo kotchedwa Ichthyophthirius kamene kamalowa pansi pa khungu. Kakakhuta kamagwera pansi n'kudzigawa kukhala tizirombo mazanamazana tofuna nsomba ina. Kuzizira sikubala kachiromboka, koma kumafooketsa nsomba kuti isathe kudziteteza.

Mankhwala ake ndi kufunditsa madzi pang'onopang'ono ndi kuthiramo mchere wosungunula, kasupuni kamodzi ka tiyi pa malita awiri. Mcherewo umapha tizirombo tikakhala tikusambira, osati tiri pansi pa khungu. N'chifukwa chake muyenera kupitiriza kwa masabata awiri ngakhale madontho atazimirira. Ine ndidaleka tsiku lachinayi, ndipo nsomba 6 zidafa.

Vuto lachiwiri: chakudya ndi madzi

Amayi poona nsomba zikufooka adati, "Mwanawe, izi zafa ndi njala," n'kuyamba kuziponyera nyenyeswa za nsima. Chifundo chawocho chidaononga madzi. Chakudya chotsala ndi zonyansa za nsomba zikamaola zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni, komanso zimamaliza mpweya wa okosijeni. Mukaona nsomba zikuyasamula pamwamba pa madzi, sizikupempha chakudya ayi, zikubanika. Zipatseni chimene zingamalize pa mphindi ziwiri. Sabata iriyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuikamo atsopano ofunda mofanana. Madzi a pampopi agone kaye tsiku limodzi m'chidebe chosavundikira kuti kolorini achoke.

Vuto lachitatu: ana

Tsiku lina m'mawa ndidawerenga ana 23, koma madzulo adatsala 4. Guppy sidziwa mwana wake. Chirichonse chokwana m'kamwa ndi ndiwo, ndipo ngakhale make amadya nawo. Ikani zomera za m'madzi zowirira kuti ana abisalemo, kapena patulani yaikazi isadabereke, ndipo ikangobereka muibweze. Yamphongo imodzi ikhale ndi zazikazi ziwiri kapena zitatu, chifukwa zamphongo zikachuluka zimapirikitsa yaikazi kosalekeza mpaka imafooka.

Pali vuto lina lobisika. Nsomba zathu zonse zidachokera kwa make mmodzi, ndipo zakhala zikuberekana pachibale. Zotsatira zake ndi ana opindika msana ndi osachedwa kudwala. Tiyenera kupeza yamphongo yochokera kwina, koma tiyambe taisunga payokha masabata atatu kuti tione ngati iri bwino.

Damu la atsibweni

Atsibweni anga, amene amaweta makumba m'damu la ku dimba kwawo, ndiwo adapulumutsa zotsalazo. Adaseka n'kunena kuti, "Mphwanga, safunsa adadya phula. Woweta nsomba amaweta madzi. Lowetsa ndowayo m'nyumba, uikulunge ndi thumba." Adandionetsa kuti mavuto a mu ndowa yanga ndi omwewo a m'damu lawo. Makumba amayamba kuswana akadali aang'ono, ndipo ukapanda kupatulira ana umakolola tinsomba tokwinimbira. M'chisanu nsomba zimadya pang'ono, ndiye iwo amachepetsa gaga kuti asaolere m'madzi.

Ndidawafunsa ngati ndingaponye nsomba zodwalazo mu mtsinje kuti zikachire kumeneko. Adandiletsa kwamtuwagalu. Adandikumbutsa za matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS amene adabuka ku Mchinji m'chaka cha 2020, ku chigawo cha mtsinje wa Bua umene umadutsanso m'malire a Dowa. Matenda a nsomba amayenda ndi nsomba, madzi ndi maukonde. Komanso guppy ndi mlendo kuno. Ikakhazikika mu mtsinje imaswana msanga n'kumalimbirana chakudya ndi matemba athu. Nsomba yakufa ikwirireni pansi.

Mafunso okambirana m'kalabu

1. Kodi kubereka ana amoyo ndi kufungatira mazira m'kamwa kumateteza bwanji ana, ndipo kukusiyana pati?
2. N'chifukwa chiyani mchere suchiza madontho oyera tsiku limodzi?
3. Tingafunditse bwanji madzi a nsomba kumudzi kopanda magetsi?

Nsomba 5 zija ziri pa shelefu ya kumanzere mu labotale, ndipo imodzi ya izo yayamba kuda kumimba. Amene muli ndi botolo lalikulu lagalasi mubwere nalo Loweruka lino.