Mawu oti "dandaulo" ndi chilango cha woyamba kupalamula

M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa momwe mawu amodzi a Chichewa angachititsire munthu kutaya mwayi umene lamulo linamupatsa. Mawuwo ndi oti "dandaulo".

M'makhothi a ku Malawi milandu imalembedwa m'Chingerezi. Munthu akapezeka wolakwa, woweruza amamupatsa mpata wonena zifukwa zomuchepetsera chilango. Pa Chingerezi gawoli amati mitigation, koma pa Chichewa timangoti munthuyo apereke dandaulo lake. Kwa mwini chiyankhulo, kudandaula ndi kufotokoza mavuto kuti wina akumvere chisoni. N'chifukwa chake ambiri amangoti ali ndi ana aang'ono, akulera amasiye kapena munda wawo ulibe woulima. Izi zikhoza kukhala zoona, koma kawirikawiri makhothi amati banja limavutika pa chilango chilichonse cha kundende, kotero chifukwachi pachokha sichilemera pokhapokha vutolo likhale lapadera.

Zimene khothi limayang'ana kwambiri ndi zina: ngati munthuyo anavomera mlandu, msinkhu wake, ngati katundu wobedwa anapezeka, ndiponso ngati aka n'koyamba kupalamula. Ndime 340 ya Criminal Procedure and Evidence Code imaletsa majisitireti kutumiza kundende munthu amene sanapezekepo wolakwa, pokhapokha patasowa njira ina yoyenera, ndipo zifukwa zake ziyenera kulembedwa. Njira zinazo ndi monga chindapusa, ntchito yothandiza anthu m'dera, kapena chilango choimitsidwa chimene ndime 339 imalola. Ichi si chikhululukiro. Pa mlandu waukulu monga kuba moopseza ndi zida, woyamba kupalamula amapitabe kundende.

Vuto la mawu limaonekera bwino pa apilo. Khothi lalikulu nthawi zambiri silimvanso mboni, koma limawerenga zimene zinalembedwa kukhothi laling'ono. Limasintha chilango ngati woweruza anaphonya mfundo ya lamulo kapena chilangocho n'chachikulu mopitirira muyezo. Mbiri ya milandu yakale amaipereka ndi oimira boma, koma zina monga kubweza katundu kapena kupepesa kwa wolakwiridwa amazidziwa ndi mwini wake. Ngati munthu wopanda loya anangolira za ana osanena zimenezi, woweruza wa apilo sazipeza papepala.

Kufunika kwa mpata umenewu kunaoneka pa mlandu wa Kafantayeni. M'chaka cha 2007 khothi lalikulu linagamula kuti n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopha munthu popanda kumva zifukwa zomuchepetsera chilango. Kuyambira mu 2015 akaidi amene anali atalandira chilangocho anamvedwanso, ndipo oposa 100 anatulutsidwa. Milandu inali yomwe ija. Chimene chinasintha n'chakuti khothi linamva za moyo wa munthu aliyense payekha.

Pomaliza, ndikuona kuti womasulira asamafunse kuti, "Muli ndi dandaulo?" Ndi bwino kufunsa kuti, "Kodi pali zifukwa zoti khothi likuchepetsereni chilango, monga kuvomera mlandu, kubweza katundu kapena kuti aka n'koyamba?" Funso loyambalo limaitana misozi, pamene lachiwirili limaitana mfundo zimene zingalembedwe n'kudzamuthandiza munthu pa apilo. Ife ophunzira ziyankhulo tili ndi gawo pa ntchito yokonza mawu a m'khothi ngati amenewa.