Tayala limodzi likupalasa matope, linzake lili phee: difu yoyenera pikapu ndi iti?

Mvula ikakhazikika mu Januwale, misewu yadothi yozungulira Lilongwe imaonetsa chinthu chodabwitsa. Pikapu yamphamvu yatitimira, injini ikubangula, koma galimoto siyikusuntha. Mukayang'ana kumbuyo, tayala limodzi likuzungulira mwaliwiro n'kumawaza matope anthu okankha, pomwe linzake, lomwe laponda pouma, lili phee. Injiniyo sinafooke ayi. Nkhani yonse ili m'chimphika chachitsulo chomwe chili pakati pa matayala akumbuyo, chija amakaniko amachitcha difu. Lero ndikufuna tichivundukule pogwiritsa ntchito masamu ndi Physics zomwe mukuphunzira kale m'kalasi.

Difu imagwira ntchito yanji?

Yambani ndi kuyesa izi pabwalo la sukulu. Awiri mugwire ndodo imodzi, wina uku wina uku, ndipo muyende mozungulira mtengo. Amene ali kunja aponya mapazi ambiri kuposa amene ali mkati. Matayala a galimoto amakumana ndi zomwezi pokhota paliponse.

Tiwerengere. Pa pikapu ngati Toyota Hilux, mpata wa pakati pa matayala awiri akumbuyo ndi pafupifupi mamita 1.5. Tiyerekeze kuti ikukhota pa kona ya madigiri 90 m'misewu ya ku Area 12, ndipo tayala lamkati lili mamita 5 kuchokera pakatikati pa bwalo lomwe ikuzungulira. Lakunja likhala pa mamita 6.5. Kona yotere ndi kota ya 2πr, choncho lamkati liyenda mamita 7.9 pomwe lakunja liyenda mamita 10.2. Kusiyana kwake ndi mamita oposa 2.3, ndipo tayala la pikapu likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.4. Mwaona? Pa kona iliyonse, tayala lakunja liyenera kuzungulira pafupifupi kamodzi kathunthu kuposa linzake.

Ngolo ilibe vuto limeneli chifukwa tayala lililonse limadzizungulira palokha, ng'ombe ndi zomwe zimakoka. Koma pa pikapu, injini imodzi ndiyo imazunguza matayala onse awiri. Difu ndi gulu la magiya lomwe limalandira mphamvu kuchokera ku shafuti yaitali ya pansi pa galimoto, n'kuigawa kumanzere ndi kumanja, uku likulola tayala lililonse kuthamanga pa liwiro lakelake. Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa injini ya petulo: Onésiphore Pecqueur wa ku France anailembetsa m'zaka za m'ma 1820 kuti igwire ntchito pa galimoto yoyendera nthunzi.

Pomwe difu wamba imagwa mphwayi

Difu wamba, yomwe amaitcha open diff, ili ndi lamulo limodzi losasintha: matayala onse awiri amalandira mphamvu yopotola yofanana. Mphamvu yopotolayi ndi ija timaitcha torque. Kumva kwake zikukhala ngati chilungamo, koma msampha uli pomwepo. Tayala silingakankhe nthaka kuposa mmene nthakayo ikuligwirira. Mukukumbukira F = μN? N ndi kulemera komwe kwapsinja tayala, ndipo μ ndi nambala yosonyeza mmene tayala likugwirirana ndi pomwe laponda.

Tiyerekeze kuti tayala lililonse lakumbuyo lanyamula makilogalamu 400, omwe ndi 4,000 N. Tayala lakumanja lili pouma, pomwe titenge μ kukhala 0.8, ndiye lingathe kukankha mpaka 3,200 N. Lakumanzere lili pa katondo wonyowa, woterera ngati sopo, pomwe titenge μ kukhala 0.1. Limeneli likangofika pa 400 N, layamba kupalasa. Poti difu wamba imagawa mofanana, lakumanja nalonso lilandira 400 N basi. Zonse pamodzi ndi 800 N, ngakhale kuti nthaka ikanalola 3,600 N. Dalaivala akaponda moto kwambiri, akungothamangitsa tayala loterereka lija n'kumakumba dzenje.

N'chifukwa chake anthu amakwera kumbuyo kwa matola ikatitimira. Sadziwa kuti akuchita Physics, koma akukweza N. Ndipo musanyengedwe ndi chilembo cha 4x4: ngati madifu onse awiri ndi wamba, tayala limodzi lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo akaterereka nthawi imodzi, galimotoyo yaima.

Njira yoyamba: limited-slip

Difu ya limited-slip, mwachidule LSD, imalola matayala kusiyana liwiro, koma imalimbana nako kusiyanako. Kampani ya ZF ya ku Germany inapanga yotere m'zaka za m'ma 1930 kuti ithandize magalimoto a mpikisano a Auto Union, omwe ankapalasa tayala potuluka pa kona. Mtundu wina uli ndi timbale tachitsulo tothinana ngati ta kilatchi. Tayala limodzi likafuna kuthawa, timbaleti timakhuzana n'kukokera mphamvu ina ku linzake. Mtundu wina, wotchedwa Torsen, womwe anautulukira ndi Vernon Gleasman wa ku America, ulibe timbale, umadalira magiya opindika omwe amakanirirana okha.

Tibwerere ku masamu athu. Tiyerekeze kuti LSD yathu imatha kupatsa tayala logwira bwino mphamvu yochuluka ka 2.5 kuposa loterereka. Ndiye kuti 400 N kuphatikiza 1,000 N, tapeza 1,400 N. Nthawi zambiri zimenezi n'zokwanira kutuluka. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imagwira yokha, pa liwiro lililonse, dalaivala osakhudza kanthu.

Koma taonani izi. Tayala limodzi likalendewera m'malere pamwamba pa chigwembe chokumbidwa ndi madzi, N ndi 0. Ndipo 0 kuchulukitsa ndi 2.5 ndi 0 yemweyo. Apa Torsen imasowa chochita, pomwe ya timbale imangopereka kamphamvu kochepa. Timbaleto timathanso pakapita zaka, ndipo timafuna oyilo wake wapadera.

Njira yachiwiri: diff lock

Diff lock siyinyengerera. Mukadina batani, kachitsulo ka mano kamalowa n'kumanga mashafuti awiri aja kukhala ngati mtengo umodzi. Matayala onse azungulira pa liwiro limodzi, zivute zitani. Tsopano tayala lililonse likankha mmene nthaka yake ikulolera: 400 N kuphatikiza 3,200 N, tapeza 3,600 N. Ngakhale lina lilendewere m'malere, linzake lidakali ndi 3,200 N yake. Ku South Africa, komwe pikapu amaitcha bakkie, zambiri zoyendera matayala akumbuyo okha zimagulitsidwa zili ndi batani limeneli.

Mtengo wake ndi wotani? Kumbukirani mamita 2.3 aja. Mukaiwala loko ali chimangire n'kulowa pa phula, pa kona iliyonse tayala lina liyenera kukhuluzika mtunda umenewo. Matayala amatha msanga, galimoto imakana kukhota, ndipo mashafuti amapotoka mpaka kuthyoka. Palinso ngozi ina: pa msewu woterera wopendekera m'mbali, matayala onse awiri akapalasa limodzi, palibe lotsala logwira nthaka, ndipo kumbuyo kwa galimoto kumatha kuserereka n'kugwera m'ngalande. Ndiye lamulo lake ndi ili: mangani mutaima kapena mukukwawa, musanalowe pamalo ovutawo, dutsani pang'onopang'ono, mukangotuluka masulani.

Ndiye tisankhe iti?

Funso lomwe ine ndimayamba nalo si lakuti yamphamvu ndi iti, koma lakuti tayala lofooka kwambiri lidzakhala litaponda pati.

Taganizani za banja la ku Area 12 lomwe pikapu yake imakhalira pa phula, kupita ku Capital Hill, ku City Centre ndi kukagula zinthu ku Old Town. Mavuto ake ndi phula lonyowa, mchenga wokokoloka womwe waunjikana pa kona, kapena tayala limodzi kutsikira pa udzu woterera m'mbali mwa msewu. Apa matayala onse amakhala adakali pansi, ndipo kutererako kumabwera modzidzimutsa. Pikapu yopanda katundu imakhalanso yopepuka kumbuyo. LSD ndiyo yoyenera, chifukwa palibe amene angadine batani pa nthawi yotere.

Tsopano taganizani za banja loyandikana nalo lomwe lili ndi munda cha ku Malingunde kapena ku Nsaru, ndipo liyenera kufikitsa feteleza wobereketsa mvula ili mkati, kapena limalowa m'nkhalango ya Dzalanyama. Kumeneko kuli zigwembe, madambo a makande ndi mitsinje yowoloka pansi. Feteleza akachedwa masabata awiri, zokolola zimatsika. Wodwala wochokera kumudzi akagona panjira, nkhani yake ndi ina. Apa diff lock ndiyo yoyenera, poti ndiyo yokha imagwirabe tayala lina likasowa pogwira, ndipo mukaimasula galimoto imayenda pa phula ngati ina iliyonse.

Magalimoto atsopano ali ndi njira yachitatu, traction control. Kompyuta ikaona tayala likupalasa, imaligwira buleki. Difu wamba ija, potsatira lamulo lake lofananitsa, imatumiza mphamvu yomweyo ku linzake. Ndi lamulo lomwe lija, koma aligwiritsa ntchito mochenjera.

Mungadziwe bwanji yomwe ili pa pikapu ya kwanu?

Ngati pali batani lojambulidwa matayala anayi ndi X pakati pa akumbuyo, imeneyo ndi diff lock. Ngati palibe, makaniko atha kuyesa. Amazimitsa injini, amatchinga matayala akutsogolo, amakweza akumbuyo onse awiri n'kuikira zochirikiza zolimba, amachotsa giya ndi handibuleki, kenako amazunguza tayala limodzi ndi manja. Linzake likazungulira mobwerera, ndi difu wamba, ngakhale Torsen nayonso imatero. Likatsatira mbali yomweyo, ndi LSD ya timbale. Pa galimoto yakale yochokera ku Japan kuyesaku n'kofunika musanapereke ndalama, chifukwa LSD yotha timbale siyisiyana ndi difu wamba. Inu muziona chabe. Musalowe pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeki yokha.

Yesani nokha

Bwerezani masamu a kona ija, koma tayala lamkati likhale pa mamita 20. Kodi kusiyana kwa mtunda kwasintha? Fotokozani chifukwa chake pogwiritsa ntchito 2πr.

Kenako pakirani matumba 6 a feteleza a makilogalamu 50 pamwamba penipeni pa matayala akumbuyo. Pezani N yatsopano ya tayala lililonse, ndipo muwerengere mphamvu yonse ya difu wamba, ya LSD ndi ya diff lock. Ndi iti mwa zitatuzi yomwe yapindula kwambiri ndi katunduyo? Kambiranani ndi anzanu, ndipo mayankho anu mukawaonetse aphunzitsi a Physics.