PHUNZIRO 6: PAMPU YA MADZI IKAMAYAKA NDI KUZIMA PAFUPIPAFUPI

Ife a kuno ku Likhubula tinazolowera madzi otsika okha. Kuyambira zaka za m'ma 1970, mipope yambiri m'boma la Mulanje imatenga madzi m'mitsinje ya m'phiri popanda makina. Ngakhale madzi amene Blantyre Water Board inayamba kutenga mumtsinje wa Likhubula mu 2019 amatsetsereka okha mpaka ku Nguludi. Koma lero nyumba zina, masukulu ndi malo ogona alendo ali ndi pampu ya magetsi yokhala ndi kathanki kachitsulo pambali, ndipo ambiri mwa ife sitinaphunzire kuisamala.

Tikamva pampu ikulira pang'ono, n'kuzima, n'kuliranso, tisanene kuti ndi khalidwe lake. Mota imakoka magetsi ochuluka kwambiri poyaka. Ikamayaka mosalekeza imatentha, mayunitsi a ESCOM amatha msanga, ndipo tsiku lina imapseratu. Pampu yabwino ikayaka imagwira ntchito pafupifupi mphindi imodzi kapena kuposa.

Tiyambire pa kathanki

M'kathanki muja muli thumba la mphira losunga madzi, ndipo kunja kwa thumbalo kuli mpweya. Mpweyawo ndi umene umakankha madzi tikatsegula mpope, kuti pampu ipumeko. Ukatha, ngakhale madzi a m'kapu imodzi amayatsa pampu.

Tiyese chonchi. Tizimitse magetsi kaye. Madzi ndi magetsi si zoseweretsa. Titsegule mpope mpaka madzi atasiya kutuluka. Pa kathankipo pali valavu yonga ya tayala la galimoto. Tidine kamsomali ka pakati pake. Pakatuluka madzi, ndiye kuti mphira yang'ambika, ndipo kupopa sikungathandize. Pafunika mphira ina kapena thanki ina. Pakatuluka mpweya wochepa, kapena osatuluka kanthu, tipope ndi pampu ya matayala n'kuyeza ndi geji. Mpweya uchepere pang'ono mlingo umene pampu imayakira: ngati imayaka pa 2 bar, tiike 1.8 bar. Tikapyola, madzi azidukaduka pampope.

Ngati kathanki kalibe vuto

Titseke mipope yonse, tiyang'ane geji. Muvi ukamatsika wokha, madzi akuthawa kwinakwake. Kawirikawiri ndi thanki ya chimbudzi yodontha, kapena paipi yosweka pansi. Pamalopo udzu umabiriwira ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Nthawi zina ndi valavu yoletsa madzi kubwerera, imene imalephera kutseka mchenga ukalowamo. Kapaipi kopita ku swichi nakonso kamatsekeka ndi matope. Tonse tikukumbuka mchenga ndi matope zimene zinatsika m'phiri pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Choncho sefa ya pampu isamaiwalike m'nyengo ya dzinja.

Swichi yokhayo tisaigwire. Muli nthambo za magetsi, ndipo imeneyo ndi ntchito ya amisiri. Koma mmisiri akabwera n'kunena kuti tigule pampu yatsopano asanayeze mpweya wa m'kathanki, tili ndi ufulu womufunsa chifukwa chake, makamaka ngati ndalamazo ndi zosonkha anthu.

Mafunso okambirana

1. Kodi pampu ya pasukulu kapena pachipatala cha kwathu amaiyang'anira ndani? Anayeza liti mpweya?
2. Komiti yathu ya madzi ikagula chipangizo, kodi imationetsa lisiti ndi chipangizo chakale chimene chachotsedwa?